Wolowa m'manda ndinali ine, womenyedwa anali a Binisoni

Inu owerenga, ndatopa nako kusunga nkhaniyi mumtima, ndiye lero ndiulule. Ndinaika pachiswe moyo wa munthu wokalamba amene sanandilakwire kanthu. Sindinamumenye, sindinamutukwane, ndinangotchula dzina lake pamalo olakwika, masana dzuwa likuswa mtengo. Dzina langa sinditchula, la mudzi sinditchulanso, ndipo mayina enawa ndawasintha.

Ndili chaka chachitatu ku yunivesite ndinalephera phunziro limodzi, la kafufuzidwe ka mbiri yakale. Ndisanamizire aphunzitsi, ndinkangotayirira ndekha. Tonse olephera anatipatsa mwayi wobwereza m'chigawo chachifupi cha m'chilimwe, anzathu ali pa tchuthi, ndipo anatiuziratu kuti wolepheranso apa alongedze katundu wake. Ntchito inali yakuti aliyense apite kwawo, akafufuze mbiri ya chinthu chimodzi cha m'dera lake, abwere ndi lipoti pakatha masabata atatu. Aphunzitsi athu anali ndi nyimbo imodzi imene ankaibwereza mpaka kutitopetsa, yakuti zokamba za anthu pazokha sizikwanira, pamafunika umboni wolembedwa wozichirikiza.

Ine ndinasankha mbiri ya sukulu yoyamba ya kwawo kwa amayi, cha ku Magaleta m'boma la Neno. Ndinakulira ku Blantyre, kumudziko ndinkangopitako pa maliro ndi pa Khirisimasi. Ndinakafikira kwa mayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Kunja kunkatentha koopsa, tchire lonse m'mapiri litapsa, nyenje zikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Aliyense amene ndinamufunsa za sukuluyo ankandilozera kwa a Binisoni. Anali mkulu wa zaka zambiri, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Kwawo kwenikweni kunali ku Chifunga. Anabwera m'mudzimo ali wamng'ono kudzaphunzira, ankakhala pakhomo pa mphunzitsi woyambayo, ndipo atakula anakwatira momwemo. Ana Mulungu sanawapatse. Akazi awo atamwalira, anthu ankayembekeza kuti mkamwiniyo abwerera kwawo monga mwa mwambo, koma iwo anangokhala, okhaokha m'kanyumba ka m'mbali mwa msewu.

Abale inu, mkulu ameneyu anali ndi mutu. Masiku asanu ndinkakhala pakhonde pawo, iwo akukhoma malata, ine ndikujambula mawu pa foni. Anandiuza za mtengo umene ankaphunzirira pansi pake, za kulemba pa mchenga ndi chala, za makolo amene ankabisa ana m'nkhokwe akamva kuti mphunzitsi akubwera kudzalemba mayina. Ankandiitana kuti mayi, ine ndikuwaitana kuti agogo. Chinthu chimodzi chokha chinawathawa, chaka chimene mphunzitsiyo anamwalira. Koma anati chinalembedwa pa chiliza chimene ophunzira ake anamumangira, ndipo iwo ndi amene ankatuta mchenga wake.

Umboni wolembedwa uja ndi umenewu! Ndinawafunsa ngati angandiperekeze kumandako. Anaika hamala pansi ndi kundiyang'ana.

"Mayi, kumanda sikupita munthu yekha. Pitani kwa amfumu akupatseni adzukulu, mukalowe nawo. Mukapanda kutero mutiputira nkhani."

Ndinapita kwa amfumu tsiku lomwelo, koma ndinawapeza kulibe. Anali kuchipatala cha ku Boma akudwazika akazi awo. Nduna yawo inandilandira bwino, koma inati ilibe mphamvu yotsekula manda kukhala kulibe maliro, ndidikire eni ake. Nditafunsa kuti abwera liti, inangoti kaya, matenda sapangana tsiku. Ine ndinali nditatsala ndi masiku anayi.

Apa ndisaname, mwambowo ndinkaudziwa. Ngakhale ndinakulira m'tauni, palibe mwana wa ku Malawi kuno amene sadziwa kuti kumanda salowako mwachisawawa. Koma sukulu inali itandikwera m'mutu. Ndinkadziona ngati munthu wa kafukufuku, wozindikira, woti zikhulupiriro za kumudzi sizimukhudza. Ndinkati kodi mphindi khumi zokha zingaphe ndani? Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Choipa kwambiri n'chakuti mkulu uja ndinamupusitsa. Ndinabwerera pakhonde paja ndi nkhope ya mwana wabwino, ndikuti ndidikira amfumu, koma angondifotokozera pamene pali chilizacho kuti ndilembe m'lipoti. Iwo mosakayika anatenga msomali ndi kujambula pansi. Anandionetsa kanjira kolowera, mtengo wa mkuyu, ndi kudzanja kumene ndiyenera kukhotera. Ndinathokoza ndi kunyamuka.

M'mawa mwake mayi aakulu anapita kudimba kukathirira. Nthawi ya nkhomaliro itayandikira, anthu atabisala m'mithunzi, ndinatenga mpeni wa kukhitchini, makala, pepala lalikulu ndi jumbo lakuda. Kusukulu anatiphunzitsa kuti malemba akafufutika pa mwala, umapala ndere, kuyala pepala pamwamba, n'kukhutiza makala, ndiye zilembo zimaoneka. Ndinalowa m'nkhalango ya mandayo. M'katimo munali mozizira ndi mwachete, moti ndinkamva kupuma kwanga. Chilizacho ndinachipeza pamene anandijambulira pomwepo. Ndinagwada, ndinapala ndere ndi mpeni uja, ndinakhutiza makala, chaka chija chinaoneka bwinobwino. Ndinajambula zithunzi zambirimbiri mbali zonse, n'kupinda pepala lija kuika m'jumbo.

Ndikutuluka m'kanjira kaja ndinangoti gululu ndi amayi atatu ochokera kumtsinje, ndowa zili pamutu. Mmodzi ndinkamudziwa, make Chisomo, woyandikana nyumba ndi mayi aakulu, ndipo Chisomoyo anali kumbuyo m'chitenje. Taganizani mmene ndinkaonekera, inu owerenga. Manja ali bii, mawondo ali dothi lokhalokha, dzanja lina mpeni, dzanja lina jumbo lakuda, ndikuchokera m'manda ndekhandekha. Amayiwo anaima chiriri. Make Chisomo anandifunsa motsitsa mawu kuti ndikuchokera kuti ndi mpeni.

Ndikanatha kunena kuti ndalakwa, ndalowa ndekha, palibe wandituma. Koma mantha anandigwira, ndipo pakamwa panga panathamanga kuposa mutu.

"Musadandaule, a Binisoni akudziwa. Ndiwo andilozera manda ake."

Ndinkaganiza kuti ndikatchula munthu wamkulu nkhani ithera pomwepo. Amayi aja anangoyang'anana, n'kundilambalala patali ngati akulambalala njoka, ulendo wa kumudzi.

Madzulo ake mayi aakulu anali atamva kale. Anafika pakhomo n'kukhala pansi padothi, manja kumutu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anandilanda pepala lija n'kuliponya pamoto. M'mawa anagwira nkhuku kupita nayo kwa nduna ija kukapepesa, koma anabwera nayo nkhukuyo. Nduna inati nkhani ya kumanda ndi yaikulu, siingailandire, idikire amfumu. Mayi aakulu anandiuza kuti ndisatuluke m'nyumba, ndipo tsiku lonse ndinakhala m'chipinda ndikumva anthu odutsa pamsewu akutsitsa mawu akafika pakhomo pathu.

Tsoka silinunkha. Tsiku lomwelo Chisomo anatentha thupi, kenako anayamba kukomoka. Anachedwa naye pakhomo, ndipo pamene ankathamangira naye kuchipatala cha ku Magaleta m'mawa wa tsiku lotsatira, mwanayo anatsirizikira panjira. Anali malungo, a chipatala ananena momveka. Koma ndani akanamva zimenezo? Adzukulu atapita kukakumba manda anapeza chiliza chopalidwa ndi mpeni, zidutswa za makala, ndi mapazi a nsapato zanga.

Mayi aakulu anakagona kusiwa monga mwa mwambo, ndipo m'mawa wa tsiku loika maliro anamva zonse ali pakati pa amayi ophika. Anthu ankati mtsikana wa m'tauni sangadziwe za dothi la kumanda, ameneyu wachita kutumidwa. Womutuma anamutchula yekha pamaso pa mboni zitatu. Ndiye anayamba kufukula zakale. Bwanji mkuluyu alibe mwana ngakhale mmodzi? Bwanji anakana kubwerera kwawo akazi ake atamwalira? Akudikira chiyani m'mudzi wa eni? Zinthu zimene kwa zaka zonsezi zinali zomvetsa chisoni, tsiku limenelo zinasanduka umboni wa ufiti. Anyamata ena anali atayamba kale kumwa kachasu, ndipo ankanena poyera kuti akangochoka kumanda athana ndi onse awiri, wotuma ndi wotumidwa.

Mayi aakulu anazemba pamaliropo, anafika kunyumba akupuma mwawefuwefu, ali ndi bambo wina wa njinga yamoto. Anandiponyera chikwama changa, anandifunditsa chitenje kumutu, n'kumuuza bamboyo kuti asaime paliponse mpaka pa Zalewa, akandisiye pa golosale ya mnzawo, mayi Asiyatu. Sindinafunse n'komwe za a Binisoni.

Msewu wotulukira m'mudzimo umadutsa pakhomo pawo penipeni. Ndinawaona. Anali pakhonde atavala jekete lawo la kutchalitchi, akumanga zingwe za nsapato, akukonzekera kupita kumaliro komweko. Sankadziwa kanthu. Palibe amene anawatsina khutu, nanga akanawatsina ndani? Atamva njinga anadzutsa mutu, anandizindikira ngakhale ndinali nditafunda, n'kukweza dzanja kundipatsa moni. Inu owerenga, kunali kungomugwira paphewa woyendetsayo kuti taimani. Mawu awiri okha akanakwana, akuti agogo thawani. Pa njingayo malo a munthu wachitatu analipo. Ine ndinakokera chitenje kumaso n'kuyang'ana kumbali.

Ulendo wonse ndinkangocheuka. Njinga iliyonse yobwera kumbuyo ndinkati ndi iwowo, anditsatira. Tikafika pokwera, njinga ikayamba kuchedwa, ndinkafuna kudumpha kuti ndithamange wapansi. Ndinkadziona ndili pakati pa chigulu cha anthu, ndikumva miyala. Za mkulu uja ndinkazikankhira kutali, ndikudzinamiza kuti munthu wokalamba chotero sangamukhudze.

Tinafika pa Zalewa dzuwa lili pamutu. Mayi Asiyatu anali mayi wonenepa, wa mpango wakuda kumutu, wosachedwa kulankhula. Atangondiona anandilowetsa kuseri kwa kauntala, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo, n'kundipatsa madzi. Ndinawafotokozera zonse ndikulira. Ndinkayembekeza kuti andisisita pamsana. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Nanga mkuluyo mwamusiya ndi ndani?"

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Inu muli ndi mayi wokuthawitsani. Iye ali ndi ndani? Dzukani."

Anatseka golosale makasitomala ali pakhomo, anandigwira pamkono ngati mwana woba, mpaka kwa apolisi a pamsewu a pa Zalewa pomwepo. Anandiuza kuti ndinene zonse, ndisasiyeko ngakhale zondichititsa manyazi. Apolisiwo anaimbira anzawo a kufupi ndi kumudziko, ndipo anatiuza kuti galimoto yanyamuka, koma tonse tinkaudziwa msewu wake ndi mapiri ake.

Maola amene anatsatira sindidzawaiwala. Ndinakhala pa kreti kuseri kwa golosale ija foni ili m'manja. Ya mayi aakulu sinkapezeka, chifukwa kumudziko netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha. Ndinkawerengera mumtima kuti panopa anyamula bokosi, panopa afika kumanda, panopa akukwirira, panopa akubwerera. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ndikumuuza Mulungu kuti sukuluyo aitenge, digiriyo sindikuifunanso, bola mkuluyo akhale moyo. Mayi Asiyatu sanandilankhulenso, ankangobwera kudzandiyang'ana n'kubwerera.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Anali mayi aakulu, mawu atasasa. Anati anthu atangobwera kumanda, asanasambe n'komwe m'manja, anyamata aja anawagwira a Binisoni pakati pa anthu. Anawamenya ndi mipini ya makasu omwe anakumbira manda. Ena anathamangira kukayatsa kanyumba kaja. Akuluakulu a mpingo ndi amayi angapo ndi amene anawakoka pansi n'kuwalowetsa m'tchalitchi, eni ake n'kuima pakhomo mpaka galimoto ya apolisi inafika. Anali moyo. Koma mkono wamanja unathyoka pawiri, ndipo diso limodzi linali litawonongeka. Akuti pamene ankawamenya ankangofunsa kuti ndalakwa chiyani, chifukwa mpaka nthawi imeneyo panalibe amene anawauza.

Ndinabwerera ku yunivesite, ndinalemba lipoti lija, chaka chija ndinali nditachiloweza pamtima. Ndinakhoza bwino kwambiri, aphunzitsi mpaka anawerengera anzanga ndime ina m'kalasi. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Kwa miyezi yambiri ndikamva munthu akukhoma chitsulo thupi lonse linkachita tsembwe. Ndikaona anthu atasonkhana pamsewu ndinkabwerera njira. Mpaka lero chigulu cha anthu chikayamba kukweza mawu, ine ndimachokapo msanga.

Amfumu atabwerako ndipo mitima itatsikako, ndinapita kumudzi ndi amalume. Ndinaima pabwalo n'kunena zonse, kuti a Binisoni anandiletsa, kuti ndinawapusitsa, kuti m'jumbo muja munali pepala la sukulu basi. Tinapereka mbuzi ya chindapusa cholowera m'manda. Ena anandikhulupirira, ena ankangopukusa mitu. Make Chisomo anakhala kumapeto akulira, sanandiyang'ane, ndipo sindimuimba mlandu, mayi woferedwa amafuna pogwira. Anyamata angapo anamangidwa, zimene zinawonjezera udani wa abale awo. Pomaliza akuluakulu anagwirizana kuti mkuluyo ndi wosalakwa, komabe asabwererenso m'mudzimo, chifukwa palibe akanalonjeza kuti akhala motetezeka.

Ndinatenga nthawi kuti ndilimbe mtima kukawaona. Ankakhala ku Chifunga kwa mwana wa mlongo wawo, munthu amene ankangowasunga poti ndi magazi, sankadziwana kwenikweni. Ndinawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, atawonda, mkono uja utapindika moti sakanathanso kugwira hamala. Ndinagwada patali. Iwo ndi amene anayamba kundifunsa ngati mayeso aja ndinakhoza. Nditavomera anati zikomo, ndiye kuti sitinavutike pachabe. Ndinalira ngati mwana, ndikupepesa, iwo akungoti basi mayi, basi, zinachitika.

Kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Anati anamva kuti tsiku lija ndinajambula zithunzi kumandako. Anati akazi awo anagona pafupi pomwepo, masitepe ochepa kuchokera pa chiliza cha aphunzitsi, ndipo n'chifukwa chake sanafune kuchoka m'mudzi muja, ankadikira kuti adzagone pambali pawo.

"Kumene kuja sindidzapondakonso, mayi. Mwina pa zithunzi zanuzo manda ake akuonekako. Tandionetsani."

Inu owerenga, zithunzizo ndinali nditazifufuta zonse tsiku lomwe lija, ndili pa njinga tisanafike n'komwe pa Zalewa, poopa kuti akandigwira azipeza m'foni. Ndinaganiza zowanamiza kuti foniyo inatayika, koma ndinali nditawanamiza kokwanira. Ndinawauza zoona. Anayang'ana pansi ndi diso limodzi lija.

"Chabwino, mayi. Ndimangofuna ndione ngati mtanda uja udakalipo."

Anamwalira mvula yotsatira isanathe, ndipo anaikidwa ku Chifunga komweko.

Ndiye ndikupempheni, makamaka inu ophunzira amene mumatumidwa m'midzi ndi makope ndi mafoni. Mukafika kwa eni, tsatani njira ya eni, ngakhale ikuchedwetseni, ngakhale mukuona ngati ilibe nzeru. Wakuuzani kuti dikirani, dikirani. Phunziro ukalephera umabwereza, ndipo ngakhale akuchotse sukulu moyo umapitirira. Inu mukatha kafukufuku mumakwera galimoto n'kumapita, koma amene anakulandirani pakhonde amatsala ndi zonse zimene mwasiya. Ndipo kwa abale anga a kumudzi, mwana akamwalira fufuzani kuchipatala chimene chamupha musanayang'ane nyumba ya nkhalamba yokhala yokha.

Koposa zonse, mukalakwa n'kugwidwa, tchulani dzina lanu. Musabisale kumbuyo kwa munthu wina poganiza kuti ukulu wake ukutetezani, yambani mwadzifunsa kuti iyeyo zikavuta amuteteza ndani. Ine ndinali ndi mayi wondithawitsa, amalume ondiperekeza pabwalo, ndi mbuzi yolipira. A Binisoni analibe aliyense, ndipo ine ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkawatchula.